Mwatsalira pa ngongole ya galimoto: momwe mungachitire otolera ngongole akayamba kukuimbirani

Anthu ambiri ku Zomba kuno amene anatenga galimoto pa ngongole anali atawerengera bwino ndithu. Wina ankadalira malipiro a kumapeto kwa mwezi, wina ankadalira Sienta yake yonyamula anthu pa msewu wa Blantyre kapena wa Liwonde. Kenako kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chiwongoladzanja cha mabanki chinakwera, mafuta n'kuyamba kusowa. Galimoto ikagona pamzere wa mafuta sibweretsa kanthu, koma ngongole yake imapitirirabe kubereka. Ngati mwadumpha miyezi iwiri kapena itatu ndipo foni yayamba kulira, tsatirani izi.

Choyamba, yankhani foniyo

Apa ndi pamene ambiri amadzipwetekera. Manyazi amawachititsa kusintha nambala, kudutsa njira ina kuopa kuonekera pafupi ndi banki, ena mpaka kukabisa galimoto kwa achibale ku Jali kapena ku Thondwe. Mlandu suwola. Tsiku lililonse limene mwakhala chete, chiwongoladzanja ndi chilango cha kuchedwa zikuonjezekera, ndipo wokongoza amayamba kukuonani ngati munthu wothawa, osati munthu amene wagwa m'mavuto. Wothawa samukambira zochepetsa malipiro.

Chachiwiri, dziwani amene mukulankhula naye

Woimbayo mufunseni dzina lake, kampani yake, ndi kalata yosonyeza kuti banki kapena kampani imene inakukongozani yamutumadi. Kenako pitani nokha ku nthambi kumene munasainira pangano mukatsimikize. Akakuuzani kuti "tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti tiimitse kaye nkhaniyi", ndipo nambalayo ndi ya munthu, musatumize. Ndalama ya ngongole imalowa mu akaunti ya ngongoleyo basi, ndipo lisiti lililonse muzisunga. Ndalama yopatsirana pamanja pa depoti, popanda pepala, mawa lake palibe amene adzaivomere.

Chachitatu, tulutsani pangano lija ndipo mupemphe sitetimenti

Ambiri tinasaina tili ndi chimwemwe cha makiyi, osawerenga. Tsopano liwerengeni modekha, ngati Chingerezi chake chikuvuta pezani wokuthandizani. Muyang'ane zinthu izi: chilango cha kuchedwa ndi chochuluka bwanji, ayenera kukupatsani chidziwitso cha masiku angati asanachitepo kanthu, ndi chimene panganolo likunena pa kulanda galimoto. Pa sitetimenti siyanitsani ndalama imene mwatsalira ndi ngongole yonse yotsala, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Otolera ngongole amakonda kutchula chiwerengero chachikulucho. Ngati ndinu wogwira ntchito m'boma ndipo amakudulani pa malipiro, fananitsani ndi mapesilipi anu mwezi ndi mwezi, kuti muone ngati zonse zimene anadula zinalowadi.

Chachinayi, pitani ndi ganizo lanu, lolembedwa

Musapite kukangodandaula. Khalani pansi ndi akunyumba, muwerengere lendi, fizi, chakudya, magetsi ndi madzi, muone ndalama yeniyeni imene mungakwanitse mwezi uliwonse. Ndiye lembani kalata yopempha chimodzi mwa izi: kutalikitsa nthawi ya ngongole kuti malipiro a pamwezi atsike, kugawa zimene mwatsalira m'miyezi ingapo, kapena kupumako kwa kanthawi ngati ntchito yatha kapena mwadwala. Dziwani kuti kutalikitsa kumatanthauza kulipira zambiri pamapeto pake, koma galimoto imakhalabe m'manja mwanu. Ngati ngongoleyo inali ndi inshuwalansi, funsani ngati imakhudza kuchotsedwa ntchito kapena kulumala.

Chonde musalonjeze zimene simungathe pofuna kuti woimbayo akusiyeni. Kuphwanya lonjezo lachiwiri kumatseka zitseko kuposa kulephera koyamba kuja. Ndipo chilichonse chimene mwagwirizana chikhale papepala, chosainidwa, kope limodzi likhale lanu.

Za katapila ndinene mosabisa: musatseke ngongole ya banki ndi katapila. Ndalama yobweza ndi theka pamwamba pakutha pa mwezi imakulandani galimoto ndi katundu wa m'nyumba yemwe. Ngakhale ku banki mkhonde, tengani zokhazo zimene mukudziwa kumene zidzachokere.

Akabwera kudzatenga galimoto

Galimoto ya pa ngongole nthawi zambiri ndiyo chikole, choncho wokongoza akhoza kuitenga ngati mwalephera, motsata pangano ndi malamulo. Koma ofika pakhomo panu ayenera kusonyeza ziphaso ndi makalata. Akati ndi masherifu, akuonetseni chikalata cha khoti. Musamenyane nawo, musatseke geti ndi miyala. Chotsani katundu wanu m'galimoto, jambulani zithunzi mbali zonse ndi makilomita amene yayenda, ndipo akupatseni pepala losonyeza kuti aitenga ndi kumene akupita nayo.

Ena amaopseza kuti akumangitsani. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Ngongole ndi nkhani ya khoti la milandu ya pakati pa anthu. Chimene chingakugwetseni m'manja mwa apolisi ndi kugulitsa galimoto ya chikole mwamseri kapena kuiphwasula n'kugulitsa zipangizo. Wokutukwanani, wokuopsezani kapena wokuchititsani manyazi kuntchito, lembani tsiku ndi nthawi, musunge mauthenga ake.

Mukalandira masamoni a khoti, musawaike pansi pa matiresi. Ali ndi masiku oti muyankhe, ndipo mukapanda kuyankha chigamulo chimaperekedwa inu kulibe. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau konkuno ku Zomba mukafunse ngati angakuthandizeni.

Kumene mungadandaule

Yambani ndi kalata ku banki kapena kampani yomweyo. Akapanda kukuyankhani moyenera, dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama. Ngati munagula kwa wogulitsa magalimoto molipira pang'onopang'ono, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula.

Ngati masamu akukana

Nthawi zina mukawerengera moona mtima mupeza kuti galimotoyo simungaisunge. Zimawawa, koma musadikire kuti ilandidwe. Pemphani wokongozayo chilolezo cholembedwa choti mupeze wogula nokha, ndalama ilowe mu akaunti ya ngongole. Pa okushoni galimoto kawirikawiri imapita motchipa, amachotsaponso ndalama zoikokera, zoisungira ndi za maloya, ndipo zikaperewera ndalama yotsalayo imakhalabe ngongole yanu. Ikagulitsidwa, funsani pepala losonyeza mtengo wake ndi mmene ndalamayo yagawidwira, chifukwa ikatsalako ndi yanu. Mukamaliza zonse, tengani kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, ndipo muonetsetse kuti mbiri yanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data CRB, yakonzedwa. Kumeneko ndi kumene banki ina iliyonse idzayang'ane tsiku limene mudzapemphenso ngongole.