Momwe mungapangire nyali ya sitima yakale ya dizilo pa chidole cha malata

Ife amene tinakulira pafupi ndi siteshoni ya Salima timadziwa kuti usiku sitima imayamba kuoneka isanamveke. Kuwala kwachikasu kunkatulukira kutali cha ku Chipoka, njanji n'kuyamba kunyezimira, kenaka ndiye phokoso. Mwezi watha mdzukulu wanga anandiumiriza kuti sitima yake ya malata ikhale ndi nyali yoyaka. Ndinamuuza kuti ngati tipange, tipange yofanana ndi ya mitu ya sitima yakale ija, monga MX615 ya ku Canada imene Malawi Railways inayamba kugula m'zaka za m'ma 1970, zaka zomwezo zimene njanji inachoka kuno n'kukafika ku Lilongwe mu 1979.

Yambani mwadziwa chimene mukutengera. Mitu yoyambirira ya dizilo inali ndi nyali imodzi yaikulu, babu pakati, mbale yonyezimira kumbuyo kwake. Pambuyo pake opanga a ku America ndi Canada anayamba kuika nyali ziwiri zogundizana, zomatiratu ku fakitale: galasi, mbale ndi kawaya koyaka zonse chinthu chimodzi, fumbi osalowa. Zambiri zinali za mtundu wa PAR56, mainchesi 7 m'mimba mwake, mawati 200. Ubwino wa ziwiri ndi woti ina ikapsa pakati pa tchire, dalaivala satsala mumdima. Tinyali ta m'munsi pafupi ndi njanji musaike pa chidolecho. Timeneto tinabwera mochedwa, moti ku America lamulo lake linayamba kugwira mu 1997.

Pezani zitsekerero ziwiri zachitsulo za botolo la Fanta, ma LED awiri (timababu ting'onoting'ono ta miyendo iwiri), batire ya mavoti 9 ndi kachipewa kake, kaswitchi, waya wopyapyala, pepala lonyezimira la m'paketi ya masamba a tiyi, ndi marezisita atatu (tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi). Musataye ndalama kugula tochi yatsopano kuti muiphwasule. Okonza mawailesi pa Kamuzu Road ali nazo zonsezi m'zitini, ndipo mukamacheza nawo bwino mtengo wake supitirira wa batire yomweyo. Koma yesani LED iliyonse pomwepo ndi kabatire kaphwatalala ka mavoti 3. Mnyamata wina mumsika anandigulitsa anayi atakulunga bwinobwino m'pepala, kufika kunyumba atatu anali akufa. Funsaninso oyaka mwachikasu. Oyera mbee aja amaoneka ngati a kabaza wa njinga yamoto, osati a sitima.

Boolani pakati pa chitsekerero chilichonse ndi msomali, yalani pepala lonyezimira mkati, lowetsani LED kuchokera kumbuyo. Mwendo wautali ndi wa ku +.

Tsopano apa ndi pamene ine ndinagwa nayo. Ndinalumikiza LED molunjika ku batire, poganiza kuti kabatire kakang'ono ngati kameneka sikangawononge kanthu. Inawala kamodzi kokha, n'kutulutsa kafungo ka pulasitiki yopsa, basi. Ndinati mwina ndi zakufa za mnyamata uja, ndinaika ina, nayonso chimodzimodzi, mwana akundiyang'ana osanena kanthu. Vuto ndi loti LED yotereyi imafuna mavoti 3 okha, pomwe batire ikupereka 9. Otsala 6 aja ayenera kuthera penapake, ndipo ntchito imeneyo ndi ya rezisita. Ikani ya ma ohm 330, ya mizere ya orenji, orenji, bulawuni, pa mwendo wautali wa LED iliyonse. Iliyonse yakeyake, musagawanitse imodzi, kuti ina ikafa inzake izingoyakabe ngati pa sitima yeniyeni.

Chondiseketsa n'choti akatswiri a mitu ikuluikulu ija analimbana ndi vuto lomweli. Magetsi a m'mutu wa sitima za ku America amakhala pa mavoti 74, pomwe nyali zija zinali za mavoti 30. Ndiye ankaika marezisita akuluakulu, otentha kwambiri, oti azimeza otsalawo. Ndi marezisita omwewonso amene ankathandiza dalaivala kuchepetsa kuwala akamalowa pa siteshoni kapena akamakumana ndi sitima ina, kuti asathobwe anzake m'maso. Inunso mutha kutero. Pa waya wofiira wochokera ku batire ikani rezisita yachitatu, ya ma ohm 1000, mizere yake bulawuni, wakuda, wofiira, ndipo kaswitchi kalumikizeni kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Mukayatsa switchi magetsi amailambalala rezisitayo nyali n'kuwala kwambiri, mukaizimitsa nyali imazilala. Mfundo za waya ziwotchereni ndi mtovu. Zongopota ndi zala zimamasuka mwana akangoikoka kawiri pa msewu wafumbi.

Zotsalazo ndi zapafupi. Miyendo yaifupi yonse ya ma LED ipite ku waya wakuda wa ku batire, ndipo marezisita awiri a 330 aja alandire magetsi a waya wofiira atadutsa pa rezisita yachitatu ija. Dulani pulasitiki yoonekera ya botolo la madzi, matani pamaso pa zitsekerero, pentani m'mbali ndi penti yakuda. Zimateni pamphumi pa chidole, china pamwamba pa chinzake kapena moyandikana, mitu yakale inali ndi zonse ziwiri. Batire ibiseni mkati, muimange ndi mphira kuti isamagubuduke. Kuzimitsa n'kungovula kachipewa ka batire, ndipo mukaiwala usiku umodzi, mawa lake mukagulanso ina.