Madonasi ophika mu uvuni opanda shuga, mazira ndi mkaka, momwe ndimapangira ine

Apongozi anga aamuna atawapeza ndi matenda a shuga, chimene chinawawawa kwambiri si kuchepetsa nsima iyayi, koma tiyi wa m'mawa wopanda vitumbuwa. Munthu wamkulu kukhala duu pa mpando kuyang'ana kapu ngati pagwa maliro. Ndiye ndinayamba kuyesayesa madonasi oti asalowe mu saladi wowira komanso opanda shuga wa m'paketi, ndipo poti mlamu wanga wa Sabata anasiya mazira ndi mkaka, akuti manje ndi vegan, ndinangoti basi ndipange amodzi oti aliyense pakhomo adye.

Ndinene msanga kuti awa sali ngati madonasi a mu Shoprite aja onona mafuta, amatuluka ngati kakeke kofewa kokhala ndi bowo pakati. Komanso mawu oti opanda shuga asakunamizeni, nthochi ili ndi shuga wake ndipo fulawa nayo imasanduka shuga m'thupi, ndiye wodwala adye limodzi chabe osati asanu chifukwa amva kuti ndi athanzi.

Zimene mufunika ndi izi: makapu 3 a fulawa, ine ndimaika 2 ya brown ndi 1 yoyera chifukwa brown yokhayokha imalemera kwambiri, nthochi 3 zakupsa zoti khungu lada, hafu kapu ya kandolo wophika wofinya, masupuni aang'ono 4 a baking powder, kotala ya supuni yaing'ono ya soda, kamchere, sinamoni ngati muli naye, masupuni aakulu 4 a saladi, hafu kapu ya mkaka wa nshawa kapena wa soya, ndi supuni yaing'ono ya viniga kapena madzi a ndimu. Zimenezi zimatulutsa madonasi pafupifupi 12 malinga ndi kapu yodulira.

Nthochi ndiyo ikugwira ntchito ya dzira komanso ya shuga, ndiye musagule zachikasu zokongola zija. Pitani ku msika wa Kapata kapena wa Saturday Market kuno ku Chipata madzulo anthu akulongedza, funsani zimene zatsala pang'ono kutayidwa, amakupatsani mulu wonse pa mtengo wa hafu ndipo nthawi zina amangoti tengani amayi. Kandolo sankhani wofiira mkati uja, ndi wotsekemera, ali ndi vitamini A ndipo amapatsa madonasi mtundu wooneka ngati mwaika mazira.

Mkaka wa soya wa m'bokosi ndi wodula zosamveka kwa ife okhala kuno kwawo kwa nshawa. Vikani kapu imodzi ya nshawa zaziwisi usiku wonse, m'mawa sinjani mu mtondo kapena mu blenda ndi makapu 3 a madzi, sefani pa kansalu koyera, mkaka ndi umenewo. Mukakhala ndi ulesi sungunulani masupuni awiri a nsinjiro mu hafu kapu ya madzi, zimayenda ndithu. Koma chenjerani ndi nshawa zogula, alipo ena amanyowetsa makoko ndi madzi kuti asavutike kusenda komanso kuti zilemere pa sikelo, nshawa zotere zimachita chuku ndipo chuku cha nshawa ndi poizoni ku chiwindi. Nunkhizani, lumani imodzi, ikawawa siyani. Nshawa za mtundu wa Chalimbana zazikulu zija mukazipeza zabwino ndiye mwaphula.

Yambani ndi moto musanakhudze fulawa. Uvuni ikani pa madigiri 180. Thirani viniga mu mkaka muusiye mphindi 5, finyani nthochi ndi kandolo mpaka zikhale phala lopanda zibuluma, thiranimo saladi. Zouma zonse sakanizani m'mbale ina.

Apa ndi pamene ndinagwa ine, kawiri konse, ndiye mundilole nditalikitse. Ulendo woyamba ndinatulutsa zinthu zoti mutha kugendera galu, apongozi analuma kamodzi n'kunena mwaulemu kuti, “Zikomo apongozi, ndidya nthawi ina mano akapumula,” ana anaseka mpaka kugubuduka. Ndinaganiza kuti vuto ndi kusowa kwa mazira, ndinatsala pang'ono kusiya zonse. Kenako ndinatenga baking powder yanga, ija ndinagula yopimidwa mu tumapulasitiki kwa munthu wina pa msika poti inali yotchipa, ndinaika hafu supuni m'madzi otentha, ziii, ngakhale kathovu kamodzi. Kaya inali yakale kaya anasakaniza ndi fulawa, akudziwa yekha. Baking powder yamoyo imachita thovu pompo ikangokhudza madzi otentha, ndipo madonasi opanda mazira amadalira kwambiri iyoyo kuti atukuke, ndiye ikafa zonse zafa. Kuyambira tsiku limenelo ndimagula ya m'chitini chomata, ndimayang'ana deti pansi pake, ndipo ndimayesabe m'madzi nthawi iliyonse chitini chikakhala miyezi chitsegulire makamaka nthawi ya mvula pamene chinyezi chimalowa paliponse.

Ulendo wachiwiri baking powder inali yabwino koma anatulukabe olimba, otafunika ngati labala. Apa wolakwa ndinali ine mwini. Manja athu anazolowera kuvundula nsima ndi kukanda buledi, ndiye ndinakanda ndi mphamvu zonse mpaka mtanda unasalala bwinobwino ine n'kumadzitama. Fulawa ya tirigu ili ndi gluten, mukamakanda imalukana n'kumakoka ngati legeni, pa buledi wa yisiti ndi zimene timafuna koma apa ndi zimene zimapha. Ndiye chitani motere, thirani phala la nthochi mu zouma, tengani supuni yathabwa osati manja, pindani pang'onopang'ono kuchokera pansi, thirani mkaka pang'ono pang'ono osati wonse nthawi imodzi chifukwa nthochi zina zili ndi madzi ambiri ndipo mwina hafu kapu simuimaliza. Fulawa youma ikangosiya kuoneka, imani pomwepo. Mtanda uzioneka wonyansa, wamabampu, womata pang'ono ku zala. Mtima umakuuzani kuti ndikandeko kamodzi chabe, kanani. Ukamata kwambiri wazani kafulawa pa thebulo ndi m'manja osati kuthira kapu ina mkati.

Chinanso, soda ndi viniga zimayamba ntchito zikangokumana, ndiye si mtanda wousiya kuti mukayankhe foni kapena kukatunga madzi, n'chifukwa chake ndati moto uyambe. Ndipo soda musapitirize muyezo poganiza kuti atukuka kwambiri, si therere ili, amamveka sopo mkamwa.

Yalani mtanda ndi chikhatho ukhale wokhuthala ngati chala chachikulu, dulani ndi kapu, pakati boolani ndi chotsekera cha botolo. Zitini za madonasi zimene anthu amatsatsa pa Facebook zija musavutike nazo, mnzanga anatumiza ndalama kwa wina mpaka lero akudikira, kapu ndi chotsekera zikukwana. Bowo likhale lalikulupo chifukwa limatsekeka akamatukuka. Tiziduswa ta pakati musataye, ana amatikonda kuposa madonasi enieniwo. Ikani pa thileyi yopaka kasaladi, pakaninso pang'ono pamwamba, mphindi 12 mpaka 15, bayani ndi kamtengo ka machesi, kakatuluka kouma apsa. Sada kwambiri ngati okazinga ndiye musadikire mtundu umenewo, muwaumitsa.

Malaiti akapita, zimene sizachilendo, ndimaphika pa mbaula monga timachitira chikondamoyo. Poto wamkulu, mchenga pang'ono pansi, mbale ya chitsulo pamwamba pa mchenga, vundikirani ndi lata, malasha ambiri pamwamba ochepa pansi. Zimatenga nthawi yotalikirapo ndipo mumalowa anayi kapena asanu pa ulendo, koma amapsa bwino, mungosamala phulusa potsegula.

Za pamwamba ndi zanu. Ine ndimasakaniza chiponde ndi kakoko wopanda shuga ndi mkaka wa nshawa wotsala uja, n'kupaka akazizira. Chiponde cha m'botolo werengani kumbuyo, zambiri amaikamo shuga, chosinja nokha ndiye chabwino. Madeti oviika m'madzi otentha n'kufinya amatsekemera kwambiri, ku Down Shops amapezeka makamaka nthawi ya Ramadan, koma kwa wodwala shuga ine sindiika. Uchi nawonso ndi shuga ndithu ndipo a vegan sadya.

Sungani m'kontena yotseka, masiku awiri basi, mu Okutobala ngakhale awiriwo safika ngati mulibe filiji chifukwa nthochi imachita nkhungu msanga. Apongozi ndimawapatsa donasi limodzi lokha ndi tiyi wopanda shuga, ena onse ndimabisa pamwamba pa kabati chifukwa ndinawapeza tsiku lina atatenga lachitatu akuti anali kulawa ngati mchere wakwana.