Mmene mungasungire ndege yakale yoponya mabomba isanathere kwa a sikirapu

Ndege za ku Britain zoponya mabomba za Avro Lancaster zinapangidwa 7,377 pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse koma lero zouluka zatsala 2 chabe, ina ku Coningsby ku UK ina ku Hamilton ku Canada. Zambiri zinagwetsedwa kunkhondo, zambirinso zinabwera bwinobwino kenako anthu anazidula nkusungunula. Ife a mu Lusaka izi sitifunika kuuzidwa, aluminiyamu ikagona poyera mawa lake yasanduka mapoto ogulitsa ku Soweto Market. Ndiye abale anga amakanika ndi owotcherera, ngati tsiku lina mwapatsidwa ndege yakale kapena phiko chabe kuti musamale, ndondomeko yake ndi iyi.

Musanagwire sipanala, dziwani mwini wake. Ndege yankhondo nthawi zambiri imakhala ya boma kapena ya asilikali ngakhale yakhala pathengo zaka zambiri, ndipo kuno za zinthu zakale zimadzera ku National Heritage Conservation Commission. Pezani kalata. Kenako jambulani chilichonse ndi foni, makamaka kambale ka nambala, chifukwa nambalayo ndiyo imakuuzani kuti ndegeyi inapangidwa liti ndipo inauluka ndi gulu liti.

Mkati musangolowa ayi. Mukaona zipolopolo kapena chooneka ngati bomba, tulukani muitane apolisi kapena asilikali. Mawotchi a kutsogolo kwa woyendetsa aja, ambiri anapakidwa penti ya radium kuti aziwala usiku, kuwala kunatha koma poizoni wake alipobe mpaka lero, ndiye galasi likasweka osapukuta ndi dzanja, osapuma fumbi lake, ndipo ana asamasewere nawo.

Manje apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Ndalama yoyamba ipite ku denga ndi mlonda, osati ku injini. Anthu amathamangira injini chifukwa aliyense amafuna kumva kulira kwake, koma chimene chimapha ndege ndi madzi ndi manja a anthu. Memphis Belle, ndege ya ku America ya mtundu wa B-17 yomwe inamaliza maulendo 25 oponya mabomba mu 1943, inaikidwa panja mu mzinda wa Memphis kwa zaka zambiri ndipo anthu anazula zida zamkati mmodzimmodzi, mvula nayo ikuchita zake. Anaipititsa ku Dayton, Ohio mu 2005 kukaikonza ndipo anthu anadzaionanso itakonzeka mu 2018, zaka 13 za ntchito, zambiri zongokonza zomwe denga ndi loko zikanaletsa. Zimandipweteka kwambiri chifukwa munali anyamata mmenemo, ena azaka 20 chabe.

Shedi yake si yamasewera, mapiko a Lancaster kuchoka uku kufika uko ndi mamita 31. Ngati ndalama ya malata ilibe, chotsani mapiko mosamala muwagoneke pa matabwa ofewa mkati, bawuti iliyonse m'kapepala kake kolembedwa. Osakutira ndi pulasitiki, imasunga chinyezi, dzuwa la Okutobala likawomba mkati mumatuluka thukuta ndipo mvula ya Novembala ikafika mwayamba kale kuola.

Dzimbiri la aluminiyamu silofiira ngati la chitsulo. Limakhala ufa woyera ngati phulusa, ndipo limakonda kubisala pansi pa penti yotupa, m'mphepete mwa maliveti ndi pomwe bawuti yachitsulo yakhudzana ndi aluminiyamu. Tengani tochi mugone pansi pamimba pa ndegeyo, mupeza timabowo ting'onoting'ono totulutsira madzi, titsegulenitu ndi kawaya chifukwa timatsekeka ndi dothi. Popala gwiritsani bulashi ya nayiloni, ya waya wachitsulo imasiya tizidutswa tomwe timayambitsa dzimbiri lina. Ndipo chonde abale owotcherera, makina aja asiyeni kunyumba, khungu la ndege limamangidwa ndi maliveti, moto umafewetsa aluminiyamu yake.

Zitosi za nkhunda zimadya penti ndi chitsulo chomwe, tsekani mabowo onse ndi waya wa sefa. Mavu omanga ndi dothi aja nawo amatseka timapaipi. Ndegeyo ikwezeni pa majeke kuti matayala asanyamule katundu, apo ayi aphwa nkung'aluka ndipo atsopano simuwapeza pa shopu iliyonse.

Injini musailize. Thirani oyilo woteteza dzimbiri m'masilinda, tsekani ekizozi, zitheretu pamenepo mpaka abwere odziwa.

Zoti iulukenso, dekhani. Lancaster ya ku Hamilton ija inakhala pa zipilala panja ku Goderich, Ontario, anaisamutsira ku Hamilton ndi helikopita mu 1979 ndipo inadzauluka mu 1988, zimatheka koma mwaona zaka zake. Yang'anani za Kee Bird, ndege ya ku America ya mtundu wa B-29 yomwe inatera mwangozi ku Greenland mu 1947 nikhala pa ayezi pafupifupi yathunthu zaka zoposa 40. Gulu lina linapita mu 1994 nkuika mainjini ena anayi, mu Meyi 1995 anayamba kuiyendetsa pa ayezi kuti inyamuke, thanki ya petulo ya kajenereta kakumbuyo yomwe anangoimangirira mwachangu inadontha, moto unabuka ndipo ndege yonse inapsa anthu akuonerera. Nchifukwa chake ine ndimati ngati mulibe mainjiniya a ndege ovomerezeka ndi thumba lalikulu, petulo asayandikire nkomwe, matanki akhale ouma, batire ichotsedwe, ndipo chozimitsira moto chipachikidwe pakhomo pa shedi pomwe mlonda angachifikire usiku.