Mbale wanu ali pa mlandu? Nayi njira yodziwira zaka zomwe khoti lingamupatse

Kuno ku Lusaka munthu akangogwidwa, pakhomo funso limakhala limodzi basi, apatsidwa zaka zingati? Ndiye mumva wina akuti osada nkhawa nkhaniyi ili kwa majisitireti chabe, wina akuti iii wapita ku ndende yaikulu ya Mukobeko ameneyo. Onse awiri akungolota. Khoti lililonse lili ndi polekezera pake, ndipo mutha kuwerengera nokha musanapereke ndalama kwa aja ozungulira panja pa khoti omati "ndimadziwana nawo mabwana".

Choyamba dziwani mlandu weniweni womwe walembedwa pa pepala la mlandu, osati zimene anthu akukamba mu komboni. Funsani nambala ya sekishoni. Milandu yambiri ili mu Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, ndipo nthawi zambiri sekishoni imanena chilango chachikulu kwambiri, ina imanenanso chochepetsetsa chomwe woweruza sangatsike nacho ngakhale mulire bwanji.

Kenako onani kuti mlandu uli khoti liti. Local Court ngati ya ku Matero kapena Chilenje ija ndi ya nkhani za maukwati, chigololo, malowolo ndi timilandu ting'onoting'ono, isakuvuteni pano. Milandu yambiri ya kuba, kumenya munthu ndi chinyengo imathera kwa majisitireti. Koma kupha munthu, kuukira boma ndi kuba ndi zida ndi ya High Court. Woganiziridwayo muzimuona akubwera kwa majisitireti kuchokera ku ndende ya Chimbokaila, kungotchulidwa dzina nkubwerera, musaganize kuti mlandu wayamba ayi, akudikira kutumizidwa kumtunda.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ambiri sapadziwa. Mamajisitireti si ofanana. Pitani kwa kalaliki wa khoti mufunse mwaulemu kuti amene akumva mlanduwo ndi wa udindo wanji. Malinga ndi sekishoni 7 ya Criminal Procedure Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu, senior resident magistrate sangapitirire zaka 9, resident magistrate zaka 7, wa kalasi yoyamba zaka 5, ndipo a kalasi yachiwiri ndi yachitatu amalekera pa zaka 3. Ndiye tiyerekeze mlandu chilango chake chimafika zaka 7 koma pampando pakhala wa kalasi yachiwiri, iyeyo payekha sangadutse 3.

Komano musavine msanga. Majisitireti akaona kuti mlandu ukufuna chilango choposa mphamvu zake, amamva umboni wonse, nkumupeza munthu wolakwa, kenako nkutumiza fayilo ku High Court kuti jaji ndiye apereke chilango. Ndi sekishoni 217 imeneyo. Zimachitika kawirikawiri pa mlandu wogona ndi mwana wosakwana zaka 16, chifukwa lamulo limati chochepetsetsa ndi zaka 15 ndipo zitha kufika moyo wonse, pamene majisitireti wamkulu amalekera pa 9. Abale amatuluka mu khoti ali kakasi, ati nanga bwanji sananene zaka, kumachita kuganiza kuti mwina zayenda bwino. Sizinayende bwino, zaka zikubwera ndipo ndi zambiri. High Court itha kupereka chilango chilichonse chomwe lamulo likulola, kungoti chilango cha imfa chinachotsedwa mu Disembala 2022 pamene a Hakainde Hichilema anasaina lamulo, ndiye chachikulu tsopano ndi ndende moyo wonse.

Palinso kanthu kena komwe kamathandiza. Majisitireti wa kalasi yoyamba akapereka zaka zoposa 2, wa kalasi yachiwiri kuposa chaka chimodzi, wa kalasi yachitatu kuposa miyezi 6, gawo lopitiriralo liyenera kutsimikizidwa ndi High Court. Ndiye funsani ngati fayilo yatumizidwa, mafayilo sayenda okha.

Tsiku lachigamulo mukhale pafupi ndipo mutchere khutu, chifukwa amalankhula Chizungu mothamanga ndipo womasulira naye amathamanga. Munthu wanu akapatsidwa mpata wodandaula asangoti "ndilibe mawu" chifukwa cha mantha, anene kuti ndi koyamba kupalamula ngati zilidi choncho, ali ndi ana angati, akudwala chani, wakhala nthawi yaitali bwanji pa rimandi. Mvetsetsani zinthu ziwiri. Ngati milandu ili ingapo, zilango ziyendera limodzi kapena chimodzi chikatha chiyamba china? Zaka 3 ndi zaka 2 zikayendera limodzi ndi 3, zikatsatizana ndi 5. Komanso zaka ziyamba kuwerengedwa liti, tsiku lomwe anagwidwa kapena lero?

Ngati simunakhutire, apilo yochokera kwa majisitireti imapita ku High Court ndipo muli ndi masiku 14 okha, osati mudikire kaye malume afike kuchokera ku Chipata. Kuchoka ku High Court ndi Court of Appeal, yomwe inabwera ndi kusintha kwa malamulo a dziko mu 2016, pamapeto Supreme Court. Amene anavomera mlandu yekha nthawi zambiri angadandaule za chilango chokha. Ndipo khoti la apilo litha kuchepetsa zaka koma lithanso kuwonjezera, ndiye musanalembe kambiranani ndi loya. Ngati m'thumba muli gwa, pitani ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza amene sangakwanitse kulipira loya, mutanyamula nambala ya mlandu, dzina la khoti ndi tsiku lomwe chigamulo chinaperekedwa.