Singano isalowe mu jumbo: kasamalidwe ka zinyalala zakuchipatala

Ndakhala ndikukolopa ndi kutaya mabini pakachipatala kena kuno ku Blantyre kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano ndine ndimalandira anyamata ndi atsikana atsopano pantchitoyi. Tsiku loyamba sindiwapatsa mopu. Ndimayamba ndawaonetsa chala changa chamkombaphala, pamene inandibaya singano m'mawa wina ndikumanga jumbo yakuda. Wina wa usiku anaiponya mmenemo pamodzi ndi makoko a nthochi. Ndinamwa mankhwala a PEP, oteteza kuti usatenge HIV ukabayidwa, masiku 28, nseru ili tho, mtima uli m'mwamba.

Ntchito yonse yagona pa kusiyanitsa, ndipo amasiyanitsa ndi amene wagwira chinyalalacho, pomwepo pambali pa bedi. Wokolopa asamapisemo dzanja kuti asankhule pambuyo pake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa zinyalala 100 zilizonse zakuchipatala, pafupifupi 85 ndi wamba ngati zapakhomo: mapepala, zotsala za chakudya, makatoni. Zoopsa ndi 15 zokha. Koma paja ikaola imodzi zaola zonse. Thonje limodzi la magazi likagwera mu jumbo ya mapepala, jumbo yonseyo yasanduka yoopsa, ndipo mudzaononga mafuta kuotcha makoko a nthochi.

Pathu timatsata mitundu iyi: yakuda ya zinyalala wamba, yachikasu ya thonje, mabandeji ndi magolovesi okhudza magazi kapena mafinya, yofiira ya zoopsa kwambiri monga zochokera ku labu. Mabini onse aime pamodzi. Mukaika lachikasu kutali, namwino wotopa aponya m'limene lamuyandikira, ndipo sindingamunene.

Inu amene mukukonzeka ulendo wa ku Joni kapena ku Mangalande kukasamalira odwala, musakaloweze mitundu ya kuno n'kumati mwadziwa. Ku South Africa zinyalala zopatsira matenda zimalowa m'zofiira, zachikasu ndi za singano, mankhwala otha ntchito amapita m'zobiriwira. Ku England kuli jumbo ya olenji ya zopatsira matenda, chivundikiro chapepo cha mankhwala a khansa, ndi jumbo yachikasu ya mizere yakuda imene amaponyamo matewera. Ku India malamulo a 2016 anaika mitundu 4: yachikasu, yofiira, yoyera ya singano ndi yabuluu ya magalasi. Choncho mukafika malo achilendo werengani zolembedwa pabinipo, funsani anzanu, musachite manyazi.

Tsopano za singano, poti mpamene pali imfa. Mukabaya jakisoni musabwezeretse kachivundikiro. Anthu ambiri amadzibaya nthawi imeneyo, dzanja lina litagwira kachivundikiro, lina likulondolera singano. Ponyani sirinji yonse mubokosi la singano, lachikasu la katoni yolimba. Likadzaza magawo atatu mwa anayi, pali mzere pamenepo, tsekani. Osakanikiza ndi chala kuti mulowe zina, osaligwedeza ngati mukuyeza chimanga m'ndowa, osalitsegulanso. Lisakhale pansi ponyowa chifukwa katoni ikafewa singano zimatulukira kunsi. Singano ikakubayani, sambani pabalapo ndi sopo pamadzi oyenda, osafinya, ndipo kanenani nthawi yomweyo. PEP amayamba asanathe maola 72, koma ine ndimati pitani tsiku lomwelo. Funsaninso za katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B, chifukwa kachilombo kake kamalowa mosavuta kuposa HIV.

Jumbo nayonso imangidwe isanadzaze, muinyamulire pakhosi pake, kutali ndi miyendo, osaikumbatira kapena kuisenza pamutu. Valani magolovesi ochindikala, epuloni ndi magambuti. Kosungira kukhale kokhoma, kopanda agalu ndi makoswe. Nyengo yotentha, ngati mu Okutobala, zopatsira matenda zisapitirire maola 24 zisanaonongedwe. Nthawi ya chisanu cha Juni mpaka maola 48. Nsengwa za azimayi ochira zili ndi dzenje lakelake lovundikira.

Kuotcha ndi kumene maiko amasiyana kwambiri. Maiko olemera ambiri amaphika zinyalala ndi nthunzi m'makina otchedwa autoclave, kenako n'kuzigaya. Ife timadalira ng'anjo. Ng'anjo yoyenera imatentha madigiri 850 mpaka 1,100. Moto wa padzala wothira palafini sufika pamenepo: singano zimatsala zili zakuthwa, ndipo mapaipi a dripi a pulasitiki ya PVC amatulutsa poizoni wotchedwa dioxin, amene pangano la maiko la Stockholm la 2001 limafuna kuti achepe. Utsi wakuda bii ukamatuluka, dziwani kuti moto wachepa ndipo oyandikana nanu akupuma zimenezo. Tenthetsani ng'anjo kaye musanaikemo kanthu, ikani pang'onopang'ono, phulusa likwiriridwe m'dzenje lake. Zopimira kutentha kwa thupi za mercury, mabatire ndi zitini zopopera zisalowe pamoto. Ngati kachipatala kanu kalibe ng'anjo yabwino, gwirizanani ndi chipatala chachikulu muzikaotchetsa kumeneko.

Chimene chimandidetsa nkhawa masiku ano ndi kunyumba. Odwala shuga achuluka, akudzibaya insulin ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, singano n'kumaziponya kudzala kumene ana amatola zidole, kapena m'bini ya khonsolo yopita kumtaya wa Mzedi kumene anthu amafukula ndi manja. Pezani botolo la pulasitiki yolimba lokhala ndi chotsekera chopota, ngati la jiki lija, lembanipo kuti "singano", muliike pamwamba posafika ana. Lisanadzaze litsekeni, mumate ndi selotepi, ndipo tsiku lokatenga mankhwala mulinyamule, mukafunse anamwino kuti mulisiye pati.