Momwe mungaphunzirire ntchito ya saluni ku Zomba kuno

Musanapereke fizi kwa wina aliyense, funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo akuonetseni pepala lake. Masiku ano munthu akangokhala ndi madraya awiri akumapachika chikwangwani cha sukulu. Funsaninso ngati zipangizo zili mu fizi momwemo, chifukwa ena amatchula mtengo wotsika, mwezi usanathe akukuuzani kuti chidole chophunzirirapo, zipeso, matawulo ndi meshi mugule nokha.

Za kuluka sindikhalitsapo, ambirife tinayambira pakhonde ndi azichemwali athu. Kusukulu mukangowongola mizere ndi kusiya kukoka kwambiri, popeza kukoka ndi kumene kumathetsa tsitsi la pachipumi.

Potchera khutu ndi pa mankhwala owotchera tsitsi. Ambiri mwa iwo muli sodium hydroxide, amene akapeza pokandika amadya khungu. Ndili pa atachimenti mu saluni ina ku Matawale, kunabwera mayi wina amene anatitsimikizira kuti m'mutu mwawo muli bwinobwino, chonsecho anali atamasula meshi dzulo lake. Mankhwala atangofika pakhungu anayamba kubuula. Tinatsuka mwachangu, koma m'mawa mwake anabwera ndi zilonda. Choncho mawu a kasitomala paokha sakwanira. Patulani tsitsi mzere ndi mzere, muone khungu ndi maso anu. Ngati wangomasula kumene kapena pali pokandika, muuzeni mwaulemu kuti, "Amayi, mubwere sabata yamawa." Ena amanyanyala, alekeni apite.

Ngati zonse zili bwino, pakani Vaseline m'mbali mwa mutu ndi m'makutu, valani magolovesi, ndipo mankhwalawo akhudze tsitsi longomera kumene lokha, osati lomwe linawotchedwa kale. Nthawi yake ndi yomwe yalembedwa pa botolo, muziyang'ana wotchi, osati kuyerekeza. Tsukani ndi madzi ambiri, kenako neutralising shampoo, yomwe imathetsa mphamvu ya mankhwalawo, osati sopo wochapira. Madziwo tungiranitu m'ndowa, mpopi utha kuuma mankhwala ali m'mutu mwa munthu.

Pogula, pewani mankhwala opimidwa m'timabotolo topanda dzina ndi tsiku lothera mphamvu, ngakhale atchipe bwanji. Kuli bwino kusonkherana ndi anzanu, mmodzi apite kukaoda ku Limbe, thiransipoti mugawane. Wina akakubweretserani mafuta oyeretsa khungu kuti muzigulitsa, kanani, ena mumakhala mercury, yemwe ndi poizoni m'thupi.

Zikhadabo ndi kuphoda muphunzirenso, ndalama ya maukwati ili pamenepo. Zida muzipukuta ndi sipiriti kasitomala aliyense akachoka.

Mukamaliza musathamangire lendi ya shopu. Yambani ndi kuyendera anthu m'makomo, ophunzira a UNIMA ku Chikanda amaluka pafupipafupi, makamaka nthawi ya graduation. Jambulani ntchito yanu, mwiniwake akalola, muziika pa WhatsApp. Draya mugule pambuyo, magetsi akazima kuluka kumapitirira.