Kusiyanitsa Parkinson ndi matenda ofanana nayo: zoyeza ndi zolemba pa chipatala cha kwathu

Munthu wamkulu akayamba kuyenda mokhwekhwereza mapazi, thupi litauma, nkhope ili duu, ambiri timafulumira kunena kuti ndi Parkinson. Kawirikawiri timakhala titalondola. Koma pali matenda anayi omwe amayamba ngati Parkinson kenako n'kupatuka: MSA (multiple system atrophy), PSP (progressive supranuclear palsy), CBD (corticobasal degeneration) ndi DLB (dementia with Lewy bodies). Amenewa amakula msanga, kupatula DLB samva kwenikweni levodopa (mankhwala aakulu a Parkinson), ndipo aliwonse ali ndi ngozi yake. Malangizowa ndi a achipatala ndi anamwino a kuno ku Zomba, komanso abale omwe amaperekeza odwala.

Akatswiri a ubongo m'maiko ena akufufuza zizindikiro za m'thupi zomwe zingaulule matendawa msanga. Puloteni yotchedwa alpha-synuclein imaunjikana mu ubongo wa odwala Parkinson, MSA ndi DLB, pomwe mu PSP ndi CBD imaunjikana ndi ina, tau. Palinso neurofilament light, yomwe imatayikira m'magazi ndi m'madzi a mumsana maselo a ubongo akamawonongeka, ndipo imakwera kwambiri mu MSA, PSP ndi CBD kuposa mu Parkinson. Kuyeza kotere sikupezeka pa chipatala chaching'ono ku Thondwe kapena ku Domasi. Chomwe tili nacho ndi makina a BP, wotchi, maso athu ndi kabuku ka kuchipatala. Zimenezi, zikagwiritsidwa ntchito mosamala, zimaulula zambiri.

Yambani ndi mankhwala. Pemphani abale abweretse mapaketi onse, musadalire zonena pakamwa. Haloperidol, chlorpromazine, jakisoni wa fluphenazine, risperidone ndi metoclopramide zonse zimatseka dopamine, kemikolo ya mu ubongo yothandiza kuti thupi liziyenda bwino, ndipo zimaumitsa thupi chimodzimodzi ndi Parkinson. Kuno nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa anthu ambiri amalandira thandizo ku Zomba Mental Hospital ndipo mankhwalawa amawafunadi. Musawaimitse nokha, kambiranani ndi omwe anawalemba. Dziwaninso kuti kuuma kumatha kutenga miyezi ingapo kuti kuchoke mankhwala atasinthidwa. Yezaninso HIV ndi chindoko, ndipo funsani ngati wodwalayo anachitapo sitiroko.

Kenako BP. Apa m'pomwe timalakwitsa kwambiri chifukwa timayeza munthu atakhala pampando, kamodzi kokha. Mugonekeni chagada mphindi 5 zathunthu, osayankhula naye, ndipo lembani BP ndi kugunda kwa mtima. Muimiritseni, wina ali pambali pake kuti amugwire akachita chizungulire. Yezani pakatha mphindi 1, ndiyenso pakatha mphindi 3, mkono uli pa msinkhu wa mtima. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena ya pansi ndi 10, ndiye kuti BP ikugwa munthu akaimirira. Tsopano onani mtima. Mwa munthu amene wangochepa madzi m'thupi chifukwa cha kutsegula m'mimba kapena kutentha kwa mu Okutobala, mtima umathamanga kuti ubwezeretse. Ukakhala kuti sunawonjezere ngakhale kugunda 15 pa mphindi pomwe BP yagwa, vuto lili m'mitsempha yomwe imalamula mtima ndi magazi, ndipo MSA iyenera kuganiziridwa. Atenolol ndi propranolol amabisa chizindikirochi chifukwa amaletsa mtima kuthamanga. Matenda a shuga a nthawi yaitali nawonso amatha kuwononga mitsempha yomweyo. Nthawi yabwino yoyeza ndi m'mawa. Ngati munthu sangaime mphindi 3, lembani masekondi omwe wapirira.

Funsani za mkodzo mosabisa mawu, koma mwaulemu, ndipo ngati n'kotheka ana atuluke kaye. "Bambo, mukakodza mumamva kuti mwamaliza? Nanga mphamvu za m'banja zinayamba liti kuchepa?" Mu MSA mavutowa amatha kuyamba zaka zingapo kuyenda kusanasokonekere. Mkodzo wotsala m'chikhodzodzo wopitirira 100 ml munthu atangokodza ndi chizindikiro, ngakhale kwa abambo achikulire muyenera kuyang'ananso prostate, kachiwalo kamene kakakula kamapanikiza njira ya mkodzo. Kwa amene amagona naye chipinda chimodzi funsani ziwiri: kodi amamenya, kuponda kapena kukuwa kutulo ngati akuchita zomwe akulota, ndipo kodi pokoka mpweya amatulutsa phokoso lakuthwa, losiyana ndi mkonono wamba? Loyambalo limapezeka mu Parkinson, MSA ndi DLB. Lachiwirilo ndi la MSA, limatha kupha munthu kutulo, choncho ameneyo atumizidwe mwachangu.

Maso ndiwo amaulula PSP, matenda omwe Steele, Richardson ndi Olszewski anawafotokoza ku Toronto mu 1964. Ikani chala chimodzi m'mwamba, china m'munsi, ndipo muuzeni wodwala ayang'ane uku ndi uku mutu usakusuntha. Kenako chitani chimodzimodzi kumanja ndi kumanzere. Mu PSP maso amachedwa popita m'mwamba ndi m'munsi pomwe cham'mbali akuyendabe bwino. Kulephera pang'ono kuyang'ana m'mwamba kumabwera ndi ukalamba, ndiye kusakusokonezeni. Kulephera kuyang'ana pansi ndiko kofunika. Abale amati agogo akutayira nsima pa malaya, kapena akuphonya masitepe. Mupempheninso aombe m'manja katatu kokha, inu mutamuonetsa. Ambiri a PSP amapitiriza kuomba osaima.

Pa kuyenda, funsani tsiku lomwe anagwa koyamba ndi mbali yomwe anagwera. Wodwala Parkinson sagwagwa m'zaka zoyambirira. Amene akugwa mobwerezabwereza zaka 3 zisanathe, makamaka chagada, kapena amene wafika pa njinga ya olumala zaka 5 zisanakwane, tiyenera kumukayikira. Muyendetseni mapazi 10 pa mzere umodzi, chidendene chikugunda zala. Kuponda pambali ngakhale kamodzi n'koyenera kulembedwa. Funso lina lotiyenera ife kuno ndi la njinga. Madokotala a ku Nijmegen, ku Netherlands, anaona kuti odwala Parkinson ambiri amapalasabe njinga ngakhale kuyenda kukuwavuta, pomwe a matenda enawa amaisiya msanga. Bambo wa ku Jali amene wapalasa moyo wake wonse akanena kuti njinga anaisiya chifukwa imamugwetsa, lembani mwezi wake.

CBD ndi yosowa. Imagwira mbali imodzi kwambiri, dzanja limauma, limalephera kumanga batani kapena kugwira sipuni ngakhale mphamvu zilipo, nthawi zina limayenda lokha. DLB ndiyo ifunika kusamala nayo. Munthu amaona anthu, ana kapena nyama zomwe palibe, lero ali bwinobwino mawa wasokonekera, ndipo kuiwala kumayamba pamodzi ndi kuuma thupi kapena kutsogola. Pamudzi zimatchedwa misala kapena kulodzedwa. Kumupatsa haloperidol munthu wotere kungamuumitse mpaka kukomoka, ngakhale kumupha. Lembani chenjezoli pa tsamba loyamba la kabuku.

Levodopa nayo ndi muyeso. Yambani ndi mlingo wochepa katatu pa tsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Musanene kuti yakanika musanafike 600 mg pa tsiku. Akatswiri ambiri amafikitsa pa 1000 mg kwa mwezi wathunthu ngati thupi likulola. Amwe kutatsala mphindi 30 kuti adye, kapena ola limodzi atadya, chifukwa nyemba, usipa, mazira ndi nyama zimalimbana ndi mankhwalawa polowa m'thupi. Nseru ikabwera musapereke metoclopramide. Yezaninso BP ya chiimire nthawi iliyonse mwakweza mlingo, pakuti levodopa imaitsitsa. Kuti mudziwe ngati ikuthandiza, werengani masekondi omwe munthu amatenga kudzuka pampando, kuyenda mamita 3, kutembenuka ndi kukhalanso. Chitani zimenezi asanayambe mankhwala, ndiyenso pa ulendo uliwonse, pa mpando womwewo. Mankhwala akatha m'sitolo pakati pa kuyesaku, lembani masikuwo, apo ayi dokotala wotsatira adzaganiza kuti levodopa inakanika. Kuisiya mwadzidzidzi n'koopsanso.

Kwa amene BP imagwa, amwe madzi okwana 500 ml mofulumira asanadzuke m'mawa, akhale kaye m'mphepete mwa bedi, ndipo miyendo ya bedi ya kumutu ikwezedwe ndi njerwa. Mchere uwonjezedwe pokhapokha achipatala atavomereza, chifukwa ambiri a iwo BP imakwera akagona. Amene akutsamwa adye atakhala tsonga, phala lolimbirapo m'malo mwa lamadzimadzi, popeza chakudya cholowera m'mapapo chimabweretsa chibayo.

Potumiza wodwala ku Zomba Central Hospital, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kalata ikhale ndi mwezi ndi chaka cha chizindikiro chilichonse, manambala a BP atagona ndi ataimirira, mlingo waukulu wa levodopa womwe anafikapo, ndi masiku omwe anagwa. Ngati wodwala walola, jambulani pa foni kanema wa mphindi imodzi akuyenda, akutembenuka ndi akuyendetsa maso, ndipo bwerezani pakatha miyezi 6 iliyonse pa malo omwewo.